Makwerero Asanu ndi Awiri a Ulimba wa Kuchigwa

(NYIMBO YOTSEGULIRA: ulimba, kang'oma ndi maseche. Ilire kwa kanthawi, kenako itsike pansi pa mawu.)

WOULUTSA:   Nkhani yalero ndi ulimba, womwe Asena amautcha valimba, ndi zimene anthu ofufuza za nyimbo anapeza atauyeza. Muno m'chipinda choulutsira mawu sindili ndekha. Ndili ndi bambo ena a kuno kwathu kwa Katunga amene amasema ulimba ndi kuuimba, ndipo abwera ndi ulimba wawo pamodzi ndi adzukulu awo awiri. Pambali pawo pakhala mnyamata woimba kiyibodi m'kwaya. Amenewa atithandiza kuti zimene ndikambe muzimve ndi makutu anu.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa achinyamata a m'makwaya ndi m'mabandi. Akayesa kuimba kiyibodi pamodzi ndi ulimba, mawu amagundana, ndiye chigamulo chimagwa pompo: ulimbawu ngwosachuna, amene anausema analibe khutu. Mawu amenewa amandiwawa mumtima. Amandiwawa chifukwa si oona, komanso chifukwa amisiri ena ayamba kuwakhulupirira, mpaka kutenga kasemasema n'kumapala ulimba wosiyidwa ndi makolo awo kuti ufanane ndi kiyibodi.

Tiyambe ndi chimene tonse timachidziwa. Aliyense amene anaimbako kwaya amadziwa do, re, mi, fa, so, la, ti, kenako do wina wapamwamba. Achimwene, tatiimbirani pa kiyibodipo, pang'onopang'ono.

(KIYIBODI: do mpaka do, mosathamanga.)

Do woyamba ndi do womaliza ndi mawu amodzi, kungoti wina ndi wamkulu, wina ndi wamng'ono. Ndi zimene zimachitika amuna ndi ana akamaimba nyimbo imodzi: amuna ali pansi, ana ali pamwamba, koma palibe amene wasochera. Mtunda wa pakati pa ma do awiriwa akatswiri amautcha octave. Gwero lake ndi kunjenjemera. Chilichonse chotulutsa mawu, kaya ndi nsambo ya bangwe, kaya ndi thabwa la ulimba, chimanjenjemera. China chikanjenjemera ka 220 pa sekondi imodzi, chinzake n'kunjenjemera ka 440, ndiye kuti kuwirikiza kawiri, khutu limamva kuti awa ndi mawu amodzi. Pamenepa mitundu ya anthu pafupifupi yonse imagwirizana. Pamene imasiyana ndi pakatipo: mtunda umenewu tiugawe bwanji?

Taganizani za makwerero okwerera pankhokwe. Pansi ndi do, pamwamba ndi do. Mmisiri ndiye amasankha kuti akhome masitepe angati, ndipo atalikirane motani.

M'chaka cha 1885 Mngelezi wina, Alexander Ellis, anasindikiza kafukufuku woyerekeza kachunidwe ka zoimbira za mitundu yosiyanasiyana, ndipo anabweretsa muyezo umene ofufuza akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Anagawa octave m'tizigawo 1200, n'kutitcha masenti. Tikayeza kiyibodi ndi muyezo umenewu, kuchoka pa do kufika pa re ndi masenti 200. Kuchoka pa re kufika pa mi ndi 200. Koma kuchoka pa mi kufika pa fa ndi 100 basi. Kenako 200, 200, 200, ndipo kuchoka pa ti kukafika pa do ndi 100 kachiwiri. Makwerero a kwaya, tsono, ali ndi masitepe asanu aatali ndi awiri aafupi. Ellis atayeza zoimbira za ku Java, ku Siam, ku India, ku China ndi ku Japan, anaona kuti kulikonse anthu anakhoma masitepe mwanjira yawoyawo, ndipo anatsimikiza kuti palibe makwerero amodzi amene chilengedwe chinaikira anthu onse.

Bambo, tsopano ndi nthawi yanu. Tagogodani matabwa asanu ndi atatu otsatizana, kuyambira pa la mawu aakulu.

(ULIMBA: matabwa asanu ndi atatu, limodzilimodzi.)

Mwamva, omvera? Afika pamwamba pomwe kiyibodi inafika. Masitepe ndi asanu ndi awiri ngati omwe aja. Koma apa palibe lalitali, palibe lalifupi, onse akungofanana. Mukagawa 1200 pasanu ndi pawiri mupeza 171 ndi kanyenyeswa. Amenewo ndiwo makwerero a ulimba wa kuchigwa cha Shire kuno.

Munthu amene anazisonyeza zimenezi ndi manambala ndi Wim van Zanten wa ku Netherlands. Iyeyu anabwera kudzaphunzitsa masamu ku Yunivesite ya Malawi, koma nyimbo za Asena zinamukoka mtima. Mu 1970 ndi 1971 ankatsika kuchigwa kuno ndi makina ojambulira mawu, n'kumajambula bangwe, valimba ndi malimba oimba ndi zala, kenako n'kumayeza mawu a nsambo iliyonse ndi thabwa lililonse palokha. Zimene anapeza zinatuluka mu 1980 m'magazini yotchedwa African Music. Vuto limene munthu wa masamu amakumana nalo pantchito yotere tingalifotokoze motere. Palibe ulimba umene matabwa ake onse amagwa ndendende pa 171. Lina limapitirira pang'ono, lina limaperewera. Ndiye kodi amisiri akulinga pa masitepe ofanana, kapena akulinga pa do re mi n'kumaphonya? Akanakhala kuti akulinga pa do re mi, bwenzi masitepe awiri aafupi aja akumaonekera pamalo omwewo pa choimbira chilichonse, ngakhale mokhotakhota. Yankho la funso lotere silingachoke pa ulimba umodzi. Pafunika zoimbira zambiri za anthu osiyanasiyana, n'kuwerengera zonse pamodzi. Van Zanten atatero, anapeza kuti oimba Achisena amalinga pa masitepe asanu ndi awiri ofanana. Si kuphonya. Ndi lamulo lina.

Tsopano mumvetsa chifukwa chake kiyibodi ndi ulimba zimati zagwirizana, mwadzidzidzi n'kukangana. Tichunire pamodzi do. Fa wa kiyibodi ali pa masenti 500, thabwa lachinayi la ulimba lili pa 514. Kusiyana kwake n'kochepa, khutu limakhululuka. So wa kiyibodi ali pa 700, thabwa lachisanu lili pa 686, apanso n'pafupi. Koma mi wa kiyibodi ali pa 400, pamene thabwa lachitatu lili pa 343. Ti ali pa 1100, thabwa lachisanu ndi chiwiri lili pa 1029. Apa ndiye pamabuka mkangano. Taimbani pamodzi mi ndi thabwa lachitatu kuti omvera amve.

(KIYIBODI NDI ULIMBA: mi ndi thabwa lachitatu pamodzi, katatu.)

Mwamva kugundanako. Palibe wolakwa pa awiriwa. Ndipo achimwene a kiyibodi, dziwani kuti nayenso mi wanu wa 400 ndi wochita kugwirizana. Mawu awiri amene amakhalirana bwino mwachilengedwe pamalo amenewo amatalikirana masenti 386. Oimba ndi amisiri a ku Ulaya anakangana kwa zaka mazana za kachunidwe ka limba za m'tchalitchi ndi mapiyano, mpaka anavomera kusuntha mawu ena pang'ono kuti nyimbo iziimbika kuyambira pa batani lililonse. Kachunidwe ka kiyibodi yanu kanafala pa mapiyano m'zaka za m'ma 1800. Ndi nzeru yabwino, ndimailemekeza, koma ndi ya anthu, monga momwe ya ulimba ilili ya anthu.

Masitepe ofanana ali ndi phindu limene woimba aliyense wa ulimba amalidziwa. Pa mabatani oyera a kiyibodi, nyimbo yoyambira pa do mukaiyambira pa re imasintha nkhope, chifukwa masitepe aafupi aja agwera pena. Kuti ibwerere mwakale muyenera kupempha thandizo kwa mabatani akuda. Pa ulimba mulibe zimenezo. Oimba akadandaula kuti nyimbo yakwera kwambiri, mawu sakufika, woimba ulimba amangosuntha manja thabwa limodzi kapena awiri kupita ku mawu aakulu, nyimbo n'kukhala yomweyo.

(ULIMBA: kachigawo ka nyimbo, kenako komweko, atasuntha thabwa limodzi.)

Tiyeni tiyandikire ulimba weniweniwo, chifukwa nzeru zonsezi zimakhala m'manja mwa mmisiri zisanafike papepala. Bambo, tatembenuzani thabwa limodzi ndiwafotokozere omvera zimene ndikuona. Kunsi kwake, pakati, ndi kopalidwa. Pamenepo ndi popyapyala kuposa kunsonga, ndipo zipsera za kasemasema zikuoneka. Mmisiri akafuna kuti mawu akule, amapala pakatipo. Akapitirira muyezo, mawu n'kukula kwambiri, amasema kunsonga, mawu n'kuchepa. Amapala pang'ono, n'kugogoda, n'kumvetsera, n'kugogoda loyandikana nalo, n'kulumpha kukagogoda lachisanu ndi chitatu kuti amve ngati awiriwo akuvomerezana. Mtengo uyenera kukhala wouma ndithu, monga mlombwa wokhalitsa, chifukwa wauwisi ukamauma mawu amasuntha, ntchito yonse n'kupita pachabe. Onaninso pamene chingwe chadutsa: si pakati, si kunsonga kwenikweni, koma pamalo awiri amene thabwa silinjenjemera. Mukamanga pena, mawu amafa.

Pansi pa thabwa lililonse papachikidwa chikho chake, chachikulu ku mawu aakulu, chaching'ono ku mawu aang'ono. Chikho nacho chimachunidwa. Mpweya wa m'kati mwake uli ndi mawu akeake, ndipo mmisiri amadula kukamwa kwa chikho pang'onopang'ono, kapena kukuchepetsa ndi phula, mpaka chikho chivomere thabwa. Chikavomera, mawu amatuluka onenepa. Pambali pa chikho pali kabowo komatidwa ndi kansalu kopyapyala kamene kangaude amaphimbira mazira ake; masiku ano ena amaikapo kapepala ka pulasitiki. Bambo, tatsekani kabowoko ndi chala, mugogode, kenako muchotse chala.

(ULIMBA: thabwa limodzi, kabowo katatsekedwa, kenako katatsegulidwa.)

Kulira kwa nzii kumene mwamva kachiwiriko, khutu lozolowera piyano limakuyesa chilema. Mmisiri amachita kukufuna, ndipo amakutayira nthawi. Ndi kumene kumapatsa ulimba liwu lomveka kutali usiku, pamwamba pa ng'oma ndi phokoso la ovina.

Munthu amene amadziwa pomwe thabwa silinjenjemera, amene amadziwa kugwirizanitsa mpweya wa m'chikho ndi mtengo, amene amasunga m'khutu mwake masitepe asanu ndi awiri ofanana popanda makina alionse, ameneyo ndi katswiri wa malamulo a nyimbo, ngakhale sanalembepo tsamba limodzi. Manambala a wofufuza amabwera pambuyo, kudzachitira umboni zimene khutu la mmisiri linagamula kale. Ofufuza abwino onse amene anafika kuno ankadziwa zimenezi.

(NYIMBO: ulimba, kwa mphindi imodzi.)

Nanga ulimba unayamba liti? Apa ofufuza mbiri amasakasaka m'mabuku a alendo akale, chifukwa mtengo ndi chikho sizikhalitsa m'nthaka. Wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, anafika ku Sofala mu 1586, ndipo pambuyo pake anayenda m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete. M'buku lake la Ethiopia Oriental, losindikizidwa mu 1609, anafotokoza choimbira cha matabwa oyalidwa pamwamba pa zikho zondandalikidwa kuyambira zazikulu mpaka zazing'ono, komanso china cha tizitsulo toliza ndi zala. Ndiye kuti zaka zoposa 400 zapitazo, abale ake a ulimba ndi a malimba anali kale okhwima m'dera lino la Africa. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire koyamba mu 1859, ndipo m'buku limene analemba ndi m'bale wake Charles, lotuluka mu 1865, muli chithunzi cha amayi onyamula mitsuko akumvetsera oimba ulimba, kalimba ndi zitoliro zomangidwa pamodzi.

Malo athu ano ali ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Katunga anali mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi Livingstone n'kukhazikika pakati pa Amang'anja, pamodzi ndi Kasisi, Maseya, Mlilima ndi ena. Padooko la kwa Katunga ndi pamene sitima za pamadzi za kampani ya Mandala zinkathera, chifukwa kumtunda kwa Chikwawa kuli mathithi a Kapichira. Katundu ankatsitsidwa pano, amtengatenga n'kumusenza kukwera phiri kupita ku Blantyre. Mtsinje womwewo unkabweretsa anthu: Achikunda, Asena, Anyungwe. Ambiri anawoloka kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi, makamaka pa nkhondo ya Makombe mu 1917, ndipo ena ochuluka anabwera pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Anthu amenewa ankasiya nyumba ndi minda, koma nyimbo ankabwera nazo. N'chifukwa chake wofufuza nyimbo za Chikwawa ndi Nsanje amene maso ake amathera pamalire a ku Marka sangamvetse zimene akumva. Ayenera kudziwa za ku Mutarara, ku Sena ndi ku Tete.

Masitepe ofanana aja anautsanso mkangano waukulu pakati pa akatswiri. Amapezekanso pa timbila, ulimba wa Achopi kummwera kwa Mozambique, komanso kutali kwambiri, m'nyimbo za ku Thailand. M'busa wina wa Chingelezi, A. M. Jones, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Northern Rhodesia, anasindikiza buku mu 1964 lonena kuti anthu a ku Indonesia ndiwo anabweretsa zoimbira za matabwa ku Africa. Maganizowa sanangochokera m'mutu. N'zoona kuti makolo ena a anthu a ku Madagascar anachokera ku zilumba za kumeneko, ndipo chilankhulo chawo chimachitira umboni. Koma akatswiri ambiri sanakhutire. Ine ndili kumbali yawo. Kufanana kwa manambala sikusonyeza kuti wina anakopera kwa mnzake. Anthu awiri otalikirana angathe kufika pa nzeru imodzi yogawa mtunda mofanana. Ndipo tiyenera kusamala ndi chizolowezi chakale chija chakuti chinthu chaluso chikapezeka ku Africa, mwini wake tikamufune kunja. Chochititsa chidwi n'chakuti van Zanten uja, atachoka ku Malawi, anakathera zaka zambiri akufufuza nyimbo za Asunda ku Java, ku Indonesia komweko.

Mawu enieni a oimba a kuchigwa kuno anayamba kusungidwa pa makina ndi anthu monga Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954. M'zaka za m'ma 1950 anafika ku Nyasaland kangapo ndi galimoto yodzaza ndi makina, ndipo zina mwa zimene anajambula ndi ng'oma za likhuba za Amang'anja. Ankayendanso ndi tizitsulo tochunira, kalikonse kolira mawu ake odziwika, kuti aziyerekeza ndi mawu a zoimbira zimene wapeza. Nkhokwe yake imeneyi inasamukira ku Rhodes University ku South Africa mu 1978, ndipo ikadalipo.

Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Vienna anayenda m'maboma a kummwera kuno akujambula nyimbo pamodzi ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Chaka chomwecho anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndipo ubale wake ndi iwo unayambira pomwepo. Kubik anabweretsa njira ziwiri zimene zimatithandiza kumvetsa ulimba. Yoyamba ndi yojambula oimba pa filimu, kenako n'kumaona chithunzi chimodzichimodzi kuti adziwe dzanja liti lagunda thabwa liti, nthawi iti. Anaiyesa pa mangwilo, ulimba wa kumpoto kwa Mozambique. Anatero chifukwa khutu lokha limanamiza, ndipo apa ndi pamene pali njira yachiwiri. Akuphunzira kuimba ulimba wa amadinda ku Uganda, anazindikira kuti anthu awiri kapena atatu akamaimba molowerana mothamanga, omvera amamva nyimbo zimene palibe woimba aliyense payekha akuziimba. Khutu limatola mawu aang'ono a uyu ndi a uyo n'kuwalumikiza, limatolanso mawu aakulu n'kupanga mzere wina. Tiyeni tiyese. Bambo, yambani nokha. Kenako mdzukulu wapakati alowe, wa ku mawu aakulu alowe pomaliza.

(ULIMBA: mmodzi, kenako awiri, kenako onse atatu, kwa mphindi imodzi ndi theka.)

Amene munamvetsera bwino mwamva kuti wachitatu atalowa panatuluka kanyimbo kena pamwamba, kobwerezabwereza. Funsani aliyense wa atatuwa, akuuzani kuti si iye amakaimba. Opeka nyimbo za ulimba amadziwa kuti kadzatuluka, ndipo amayala magawo awo mwadala kuti katuluke.

Chimene chimandisangalatsa pa ntchito ya Kubik n'chakuti sinathere mwa iye yekha. Buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1987, analilemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, ndipo analikonza ndi Mitchel Strumpf wa ku Chancellor College. Moya Malamusi anakhala wofufuza payekha. Anayambitsa Oral Literature Research Programme ku Chileka, anayenda m'midzi yambiri akujambula nyimbo ndi nthano, analemba za gule wa zitoliro wa ngororombe mu African Music mu 1992, ndipo mu 1999 anatulutsa chimbale chotchedwa From Lake Malawi to the Zambezi. Uyu ndi Mmalawi wofunsa mafunso m'chilankhulo cha oimba eni ake, wodziwa nthawi yokhala chete pamaliro ndi nthawi yofunsa.

Mu 1991, Andrew Tracey, mwana wa Hugh, anasindikiza m'magazini yomweyo kafukufuku wa kaimbidwe ka valimba, ndipo pamutu pake anaikapo dzina la woimba wa m'boma lino la Chikwawa, Kambazithe Makolekole, ndi gulu lake. Dzinalo pamutu ndi chinthu chachikulu. Kale alendo ankangolemba kuti nyimbo ya mtundu wakutiwakuti, ngati kuti nyimbo imamera yokha. Andrew Tracey, amene anamwalira mu 2024, ankakhulupirira kuti wofufuza aphunzire kuimba ndi manja ake asanayambe kulemba. Ankaimba mbira, anafufuza zitoliro za nyanga za Anyungwe ku Tete, ndipo anasonyeza kuti nyimbo za Ashona, Anyungwe ndi Asena ndi za banja limodzi: zimayenda mozungulira, mawu ogwirizana akusinthana motsata ndondomeko yodziwika mpaka kubwerera poyambira.

Tsono pali chinthu chimene sichindikhalitsa pansi. Zonse ndatchulazi zinalembedwa m'zilankhulo za ku Ulaya. Mawu ojambulidwa ali ku Rhodes University ku Makhanda, South Africa, ali ku Phonogrammarchiv ku Vienna. Sindikunyoza malo amenewa. Akanapanda kusunga, bwenzi zambiri zitatayika, ndipo a ku Rhodes University anayamba kale kubwezera nyimbo zina kumadera kumene zinajambulidwa. Magazini ya African Music nayo imawerengeka pa intaneti. Koma mdzukulu wa woimba amene anajambulidwa mu 1958 kapena mu 1970 ali pano, ku Ngabu kapena ku Tengani, ndipo mwina sanamvepo mawu a agogo ake. Mwana wa sukulu wa kwa Katunga amaphunzira do re mi, koma sauzidwa kuti pakhomo pake pali makwerero ena amene akatswiri a kunja anawayeza n'kuwalemba. Aphunzitsi a Expressive Arts, inu ndi amene mungayambe kukonza zimenezi, ndipo simufunika ndalama zambiri: itanani mmisiri wa m'mudzi abwere ndi ulimba wake m'kalasi. Inunso ophunzira a ku Zomba ndi makoleji ena amene mukusaka mutu wa kafukufuku, patha zaka zoposa 50 chiyezereni van Zanten. Kodi ulimba wosemedwa lero ukadali pa 171, kapena wayamba kupendekera ku kiyibodi? Funso limeneli likudikira munthu woti atsike kuno ndi makina, ndipo ndikanakonda akanakhala mwana wa kuchigwa konkuno.

Sindikuletsa mabandi kusema ulimba wogwirizana ndi gitala ndi kiyibodi. Nyimbo zimasintha, ndipo Daniel Kachamba mwiniyo anatenga gitala ya kunja n'kuiimba mwanjira yakeyake. Semani watsopano, muuchune momwe mukufunira. Koma wakale uja musaupale. Thabwa mukalipala silibwerera, ndipo mmisiri amene analichuna mwina anapita kale.

Chinanso n'chakuti chigwa chino chimasefukira. Tinaona madzi a mu 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023. Madzi akabwera munthu amanyamula ana ndi ufa, ulimba umatsala. Choncho amene muli ndi foni yojambula mawu, chitani izi sabata ino. Pitani kwa mwini ulimba, bangwe kapena malimba m'mudzi mwanu. Yambani mwapempha chilolezo, ndipo mufotokoze kumene mawuwo apite, akakana, alemekezeni. Akalola, sankhani malo opanda mphepo ndi phokoso. Poyamba nenani tsiku, mudzi, mfumu ya dera, ndi dzina la woimba monga momwe iye akufunira kutchulidwa. Kenako agogode thabwa lililonse palokha, kuyambira ku mawu aakulu mpaka ku mawu aang'ono, akudikira kuti lina lizizire asanagunde linzake. Popanda zimenezi kachunidwe sikangayezedwe. Akatha, aimbe nyimbo, gawo lililonse palokha, kenako onse pamodzi. Mufunseni anamuphunzitsa ndani, mphunzitsiyo anachokera kuti, matabwa ndi magawo amawatchula mayina otani, ndipo akamachuna amayambira pa thabwa liti. Mayankho ake muwajambule m'Chisena kapena m'Chimang'anja momwe akulankhuliramo, osawamasulira. Mukamaliza, musasunge pa foni imodzi yokha. Tumizani kwa m'bale wa kumtunda, siyani kopi ina kusukulu, ndipo mwini nyimbo naye akhale ndi yake.

  

(NYIMBO YOTSEKERA: ulimba, onse atatu, ndi kang'oma.)